Kuvulala Kunja kwa Ntchito: Zimene Malamulo a Malawi Amanena pa Tchuthi, Malipiro ndi Kuchotsedwa Ntchito

Ngozi zambiri zimene zimagoneka anthu apantchito m'chipatala sizichitikira pamalo a ntchito. Ena amagwa pa njinga yamoto ya kabaza popita kumaliro, ena amathyoka mwendo pa bwalo la mpira Loweruka, ena amagwa padenga pofolera nyumba yawo, ndipo ena amapsa ndi madzi otentha kukhitchini. Munthu wotere akangoyamba kupezako bwino, nkhawa imene imabwera msanga ndi yakuti kaya ntchito yake akaipeza, komanso kaya banja lake lidzadya chiyani m'miyezi imene iye ali chigonere. Anthu ambiri, olembedwa ndi olemba ntchito omwe, amaganiza kuti ngozi yochitikira kunja kwa ntchito ndi nkhani ya mwini wake yekha, koma maganizo amenewa ndi oona pa mbali imodzi yokha, chifukwa ngakhale wolemba ntchito sakakamizidwa kupereka chipukuta misozi pa ngozi yotere, lamulo silimulola kuchotsa munthu ntchito chifukwa chakuti wavulala ndipo wajomba kwa kanthawi.

Malamulo awiri amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 ndiwo amasonyeza malire a nkhaniyi. Loyamba ndi Workers' Compensation Act, lomwe limanena za chipukuta misozi cha munthu amene wavulala chifukwa cha ntchito yake komanso ali mkati moigwira, monga dalaivala amene wachita ngozi atatumidwa ndi kampani kapena womanga amene wagwa pakhoma la nyumba imene analembedwa kuti amange. Munthu amene wavulala ali pa zochita zake sathandizidwa ndi lamulo limeneli. Lachiwiri ndi Employment Act, lomwe limalongosola za mgwirizano wa pakati pa wolemba ndi wolembedwa ntchito, ndipo ndi m'menemo m'mene muli chitetezo cha munthu wovulalira kunja. Lamuloli limakhudza ogwira ntchito m'makampani ndi m'boma, kuphatikizapo alonda ndi antchito a m'nyumba, koma silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, omwe ali ndi malamulo awoawo.

Chitetezo choyamba ndi tchuthi cha matenda, chimene chili m'gawo 46 la Employment Act. Munthu amene wagwira ntchito kwa wolemba ntchito mmodzi kwa miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wokhala pa tchuthi chotere kwa masabata anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka la malipiro, chaka chilichonse. Lamulo silifunsa kumene matendawo kapena kuvulalako kwachokera, kotero wothyoka mkono kumpira ali ndi ufulu wofanana ndi wodwala malungo. Mwachitsanzo, munthu wolandira K200,000 pa mwezi angalandire pafupifupi ndalama yonseyo m'mwezi woyamba, kenako pafupifupi K100,000 m'mwezi wachiwiri ndi wachitatu. Masabata 12 amenewa ndi muyezo wotsikitsitsa, kutanthauza kuti kampani ikhoza kupereka oposa pamenepa kudzera m'malamulo ake a pantchito kapena m'pangano limene inachita ndi bungwe la ogwira ntchito, koma siingapereke ochepera. Amene sanakwanitse chaka pantchito alibe ufulu wa tchuthi cholipidwachi pansi pa gawo limeneli, choncho thandizo lawo limadalira zimene zinalembedwa m'kalata yowalembera ntchito.

Ufulu umenewu uli ndi chofunika chimodzi chimene anthu ambiri amachinyalanyaza: wolemba ntchito sakakamizidwa kupereka tchuthi cha matenda ngati sanaone chikalata chochokera kwa dokotala wovomerezeka chonena kuti munthuyo sangathe kugwira ntchito. Kabuku ka kuchipatala kamene odwala amayenda nako kamasonyeza matenda ndi mankhwala, koma nthawi zambiri sikanena masiku amene wodwala ayenera kupuma, ndipo n'chifukwa chake wovulala kapena womudikirira ayenera kupempha kalata yapadera yokhala ndi dzina la wodwala, tsiku limene anafika kuchipatala, nthawi imene dokotala akuona kuti sangagwire ntchito, siginecha ndi chidindo cha chipatala. Kalatayi iyenera kujambulitsidwa isanaperekedwe ku ofesi, ndipo woilandira asainire pa kope lotsalalo ndi kulembapo tsiku. Masiku amene dokotala anapereka akatha munthu asanachire, kalata ina iyenera kutengedwa nthawi yomweyo. Amene wasankha kukalunzitsa fupa kwa sing'anga kumudzi osafika kuchipatala amakhala wopanda umboni umene lamulo limauzindikira, ndipo zimenezi n'zoopsa chifukwa gawo 59 limalola wolemba ntchito kuchotsa munthu popanda notisi ngati wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Uthenga wa pafoni wotumizidwa kwa bwana tsiku la ngozi lomwelo, ndi kusungidwa bwino, umatha kusiyanitsa munthu wodwala ndi munthu amene akuganiziridwa kuti wathawa ntchito.

Chitetezo chachiwiri, chomwenso ndi chachikulu, chili m'gawo 57. Gawoli limanena kuti munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chovomerezeka, ndipo zifukwa zovomerezekazo ndi za mitundu itatu: kulephera kugwira ntchito, khalidwe loipa, ndi zofunika pa kayendetsedwe ka kampani monga kuchepetsa antchito. Gawo lomwelo limatchula zifukwa zimene n'zosavomerezeka, ndipo chimodzi mwa izo ndi kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Mfundo imeneyi inachokera m'pangano nambala 158 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, pangano lomwe linapangidwa m'chaka cha 1982 ndipo dziko la Malawi linalivomereza m'chaka cha 1986. Imagwirizananso ndi gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapereka kwa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito.

Vuto limabwera pamene tchuthi chatha koma munthu sanachire, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri. Fupa la mkono limene lamangidwa m'chikhakha limatha kulumikizana m'masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, koma fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kapena kuposerapo, makamaka ngati wodwala wagonekedwa ndi mwendo wokokedwa ndi zolemera m'malo mochitidwa opaleshoni, ndipo pambuyo pake pamafunika nthawi ina yophunzira kuyenda ndi ndodo. Kutha kwa masabata 12 kumatanthauza kuti udindo wolipira malipiro watha, koma sikutanthauza kuti ntchito yatha yokha. Funso limene liyenera kuyankhidwa ndi lakuti kodi kulepheraku ndi kwa kanthawi kapena kwa muyaya, ndipo woyenera kuunikira zimenezi ndi dokotala, osati bwana amene wangoona wantchito wake akutsimphina. Ngati dokotala akunena kuti munthu adzabwerera pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, njira zachilungamo ndi monga kugwiritsa ntchito masiku a tchuthi cha pachaka, omwe ndi osachepera 18 kwa ogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ndi 15 kwa ogwira masiku asanu, kupereka tchuthi chosalipidwa, kapena kulemba munthu wogwirizira malowo kwa nthawi yochepa.

Pamene zatsimikizika kuti munthu sadzathanso kugwira ntchito imene analembedwera, wolemba ntchito akhoza kuthetsa mgwirizano pa chifukwa cha kulephera kugwira ntchito, komabe lamulo limafuna kuti munthuyo apatsidwe mwayi woyankhapo chigamulo chisanapangidwe. Pa nkhani ya kuvulala, mwayi umenewu ndi wothandiza mbali zonse ziwiri, popeza ndi pamene wantchito angasonyeze malipoti a kuchipatala ndi kufotokoza ntchito zimene angathebe kuchita. Mlonda amene sangathenso kuzungulira mpanda usiku wonse akhoza kukhala pa geti kumalemba magalimoto olowa ndi otuluka, ndipo dalaivala amene bondo lake silipindika akhoza kuyang'anira mabuku a mafuta ndi maulendo. Kusintha kotereku kumakhala kofunika kwambiri pamene kuvulala kwasiya ulumali, chifukwa gawo 5 la Employment Act ndi gawo 20 la malamulo aakulu a dziko zimaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la anthu aulumali la m'chaka cha 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, limalimbikitsa mfundo yomweyo. Palinso mchitidwe wina umene olemba ntchito ena amatsata poopa kuchotsa munthu poyera: kumutsitsa udindo, kumudula malipiro popanda kukambirana kapena kumupatsa dala ntchito imene thupi lake silingakwanitse kufikira atasiya yekha. Gawo 60 limaona munthu wosiya ntchito mokakamizidwa motere ngati wochotsedwa, kotero kalata yosiyira ntchito siyenera kusainidwa mopupuluma, makamaka munthu ali pa bedi la chipatala.

Munthu amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ayenera kukadandaula ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake, imene anthu amangoti ku leba, pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene anachotsedwa. Ofesi imeneyi imaitanitsa mbali zonse ziwiri ndi kuyesa kuziyanjanitsa, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti loona milandu ya za ntchito la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Gawo 61 limaika udindo wopereka umboni pa wolemba ntchito, kutanthauza kuti iyeyo ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chimene anachotsera munthu komanso kuti anachita mwachilungamo. Khoti likapeza kuti panalibe chilungamo, likhoza kulamula kuti munthu abwezeretsedwe pa udindo wake, alembedwenso pa ntchito yofananako, kapena apatsidwe chipukuta misozi. Ndalama yotsikitsitsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosaposa 5, masabata awiri kwa wopitirira zaka 5 kufika 10, masabata atatu kwa wopitirira zaka 10 kufika 15, ndi mwezi umodzi kwa woposa zaka 15. Motero munthu wa zaka 7 pantchito sangapatsidwe zochepera malipiro a masabata 14. Kuwonjezera apo, kuchokera pamene gawo 35 linasinthidwa m'chaka cha 2010, wochotsedwa mopanda chilungamo amayeneranso kulandira ndalama yotsanzikira ntchito, imene kwa munthu yemweyu ingakhale malipiro a masabata 16, kuwerengera masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira ndi masabata atatu pa chaka chilichonse cha ziwiri zotsatira.

Pali malo ena kumene wovulala angapeze thandizo popanda kudalira bwana wake. Ngati ngozi inachitika pamsewu chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa wina, chipukuta misozi chimafunsidwa kwa mwini galimoto ndi kampani yake ya inshuwalansi, popeza lamulo la pamsewu la m'chaka cha 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo apa lipoti la polisi ndi la chipatala n'zofunika kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti njinga zamoto zambiri za kabaza zimayenda popanda inshuwalansi, kotero ovulalirapo amasowa kolowera. Amene ali pa penshoni, imene wolemba ntchito amasonkhako 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti ya malipiro, akhoza kulandira ndalama zawo asanafike zaka zopumira ngati dokotala watsimikiza kuti sangathenso kugwira ntchito. Osowa ndalama yolipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau kapena ku bungwe la ogwira ntchito limene ali mamembala ake.

Amalawi ambiri amene akugwira ntchito ku South Africa ayenera kudziwa kuti kumeneko nthawi zake n'zosiyana. Tchuthi cholipidwa cha matenda ndi chofanana ndi masiku amene munthu amagwira ntchito m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo chimaperekedwa pa zaka zitatu zilizonse, pamene dandaulo la kuchotsedwa ntchito liyenera kufika ku bungwe loyanjanitsa la CCMA pasanathe masiku 30. Amene amasonkha ku thumba lothandiza ogwira ntchito la UIF akhozanso kupemphako thandizo pa nthawi imene akudwala osalandira malipiro onse.

Chofooka chachikulu cha chitetezo chonsechi m'Malawi n'chakuti anthu ambiri amagwira ntchito popanda kalata yowalembera, popanda pepala la malipiro, ndipo ena amatchedwa aganyu ngakhale akhala pamalo amodzi kwa zaka zingapo. Lamulo silinena kuti ufulu ndi wa okhala ndi makalata okha, koma wopanda umboni wa tsiku limene anayamba ntchito amavutika kusonyeza kuti anakwanitsa miyezi 12. Choncho kudziteteza kumayamba munthu akadali wamphamvu, pofunsa kalata ya ntchito ndi kusunga mauthenga a ndalama zimene amalandira pafoni kapena kubanki. Olemba ntchito nawonso, kuyambira makampani akuluakulu kufikira mabanja amene ali ndi wantchito mmodzi panyumba, ayenera kuzindikira kuti kudikira munthu kwa miyezi yochepa, kufunsa maganizo a dokotala ndi kumva mbali ya wovulalayo ndi udindo umene lamulo linawasenzetsa, ndipo kuutsata kumawapulumutsa ku milandu ndi kuwasungira wantchito wodziwa kale ntchito yake.