ZA KANEMA WOJAMBULA WA KU JAPAN, WA MFUTI NDI MAGALIMOTO

Abale athu okondedwa a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mwezi uno tifuna kukamba nanu za mlendo amene walowa m'nyumba zathu osaodira, ndipo ambiri a ife makolo sitinamfunse dzina lache kapena kwao.

Tsiku lina la msika tinali pa Mponela kudikira galimoto ya ku Ntchisi. Pa khonde la sitolo tinaona anyamata asanu, wamkulu wao wa zaka ngati 12, atasonkhanitsa mitu pa lamya imodzi ya m'manja monga anapiye pa madeya. Titasuzumira, tinaona zithunzi zojambula ndi manja ziri kuyenda: namwali wa maso akulu ali kuthamangitsa galimoto m'miseu ya mzinda, dzanja limodzi pa chiongolero, linalo liri kuomba mfuti. Amai ena ogulitsa matimati pafupi pomwepo anati: "Alekeni, aphunzitsi, ndi makatuni chabe, za ana zimenezo." Mau amenewa ndiwo atilembetsa nkhani ino, pakuti makolo ambiri aganiza chomwecho, koma si chojambula chiri chonse chimene anachikonzera ana ai.

Tiyambe takumbuka m'mene kanema anadzera kuno kwathu. Agogo athu asimba za galimoto ya boma imene inali kuyenda m'midzi ndi bayisikopo, maka-maka chiyambire chaka cha 1948, pamene linakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit. Anali kupachika nsaru yoyera pa bwalo, ndipo mudzi wonse unali kuonera pamodzi, nyakwawa ndi ankhoswe ali pomwepo. M'chaka cha 1968 boma la Dr. Banda linaika lamulo lakuti kanema ayambe waonedwa ndi akulu a boma asanafike kwa anthu, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lathu inayamba m'chaka cha 1999. Pakati pa zaka zimenezo anadza makaseti, ndi tinyumba ta vidiyo pa misika, momwe mnyamata anali kulipira khobidi nakhala mu mdima tsiku lonse. Pambuyo pache anadza ma CD, ndipo lero kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, kamene akacha memori khadi, kasenza akanema makumi-makumi. Chotero kanema wachoka pa bwalo, pamene akulu anali kumuona, nalowa m'thumba la mwana.

Kanema wojambula wa mtundu umene tinauona uja achokera ku Japan, ndipo eni ache amucha anime. M'chaka cha 1983 amisiri a kumeneko anaturutsa Dallos, woyamba wa akanema ojambula amene anawakonzera kaseti ya pa nyumba, osadzera ku nyumba ya kanema kapena pa wailesi. Popeza ogula anali anthu achikulire okhala ndi ndalama zao, ojambula anapeza ufulu wa kuonetsa mwazi, kuphana ndi zina zimene sakadaziika pamaso pa ana.

Mwa akanema otere a mfuti ndi magalimoto, womveka kwambiri ndi Gunsmith Cats. Nthano yache anaiyamba mmisiri wina, Kenichi Sonoda, amene anaijambula m'nyuzi ya anyamata achikulire kuyambira 1991 kufikira 1997; ndiyenso anali mwini nthano ya Riding Bean ya 1989, ya munthu wothawitsa anthu ndi katundu pa galimoto. Kanema wache anaturuka m'zigawo zitatu m'zaka za 1995 ndi 1996. Asimba za anamwali awiri a mu mzinda wa Chicago ku America, Rally Vincent ndi Minnie May Hopkins, amene ali ndi sitolo ya mfuti. Rally asaka anthu othawa milandu kuti alandire mphotho, ayenda pa galimoto yaliwiro yochedwa Shelby GT500 ya 1967, ndipo mfuti yache ya pamtima ndi CZ 75. Mnzache uja nchito yache ndi mabomba.

Luso la amisiri amenewa sitilinyoza. Kuti chithunzi chioneke ngati chiri kuyenda, pafunika zojambula 8 kapena 12 pa kamphindi kamodzi ka sekondi, ndipo masiku amenewo chiri chonse anali kuchipaka utoto ndi dzanja. Okonza Gunsmith Cats anapita okha ku Chicago kukaona miseu ndi nyumba zache, kuti asajambule za m'mutu. Mfuti iri yonse anaijambula monga iri, ndi galimoto chimodzi-modzi. Koma bvuto lagona pomwepo: aona mtima pa chitsulo, nabisa zotsala. Munthu akaombedwa m'kanema, nyimbo ingopitirira. Simuona anamfedwa, simuona adzukulu ali kukumba manda, simuona mkazi wamasiye ali kulima yekha munda wa fodya. Galimoto igubuduka katatu, woyendetsa naturuka ali kuseka.

Dziwaninso ichi, abale: ku Japan komweko, kumene ajambula mfuti zokongolazi, lamulo la 1958 liletsa munthu wamba kukhala ndi mfuti yaing'ono ya m'manja. Ngakhale mlenje wofuna mfuti ya uzimba ayenera kuphunzira, kulemba mayeso, kupimidwa ndi dotolo ngati mutu wache uli bwino, ndi kuonetsa apolisi malo amene adzaisunga. Eni ache adziwa kusiyanitsa nthano ndi moyo. Kodi mwana wathu wa zaka 8, woonera yekha kuseri kwa nkhokwe, adzamsiyanitsira ndani?

Ife a ku Dowa sitisowa aphunzitsi pa za mfuti. Pa Dzaleka, pamene kale panali ndende ya andale, pakhala msasa wa othawa nkhondo chiyambire 1994, ndipo pofika 2022 anthu ache anapitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Iwo anamva mfuti yeni-yeni iri kulira pa khomo usiku, nasiya minda ndi manda a makolo ao. Sitinamve mmodzi wa iwo ali kuyamika kukongola kwache.

Za magalimoto nazonso ziri pafupi. Ambiri a magalimoto amene tikwera achokera ku Japan komweko. Atsika m'chombo pa Dar es Salaam, alowera pa Songwe, nadzera mseu wa M1 pa Madisi ndi Mponela. Anyamata amene dzulo anali kukhala m'tinyumba ta vidiyo, lero ndiwo agwira chiongolero cha minibasi ndi njinga zamoto za kabaza, atasenza amai ndi makanda pa zitunda ndi zokhota za ku Ntchisi. Sitinena kuti ngozi iri yonse ibadwa m'kanema. Mowa, tulo, matayala akutha ndi kupanikiza anthu ziri ndi mlandu wao. Koma mtima umene unazolowera kuombera m'manja liwiro uli mwana, subvomera msanga kuponda buleki utakula.

Nanga tichite chiani? Kuphwanya lamya sikuthandiza, pakuti mwana adzaonera ya mnzache, ndipo adzaphunzira kubisa. Ife tipempha zinthu zitatu.

Choyamba, funsani. Mwana akabwera ndi kanema, muuzeni akuonetseni, mukhale naye pa mphasa kufikira kumapeto. Chimene achita nacho manyazi pamaso pa amai ache, chimenecho si chache.

Chachiwiri, kambani naye monga anali kuchita agogo itatha nthano ya kalulu. Mfunseni: "Uja waombedwayu, kwao amlira ndani? Galimoto yaphwanyikayi, ikadakhala ya amalume ako, akadadya chiani chaka chino?"

Chachitatu, tolani chabwino. Mwana wokonda akanema amenewa kawiri-kawiri ndiye uja apinda magalimoto a mawaya ndi kujambula pa dothi. Mpatseni pensulo ndi pepala. Akasinkhuka mpite naye kwa makaniko wokhulupirika, aone m'mene injini igwirira nchito. Kenichi Sonoda naye adya za dzanja lache lojambula, osati za kuomba mfuti.

Ndipo inu eni tinyumba ta vidiyo ndi odzaza mamemori khadi, kumbukani kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana wa sukulu akadza ndi khobidi lache, yambani mwaona msinkhu wache.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mlendo walowa kale, ndipo sadzabwerera. Chotsala nchakuti tisamsiye yekha ndi ana ku gowelo. Tsalani bwino, abale, tidzakambanso mwezi wa mawa.