Miyala Imene Madzi Oundana Anasiya M'chigawo cha Midlands

Munthu amene wapsa ndi dzuŵa la ku Gokwe m'mwezi wa October sangavomereze msanga kuti dera limenelo linakutidwapo ndi madzi oundana. Komatu zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, Africa anali mbali ya mtunda waukulu wotchedwa Gondwana, ndipo chigawo chathu chino chinali kufupi ndi South Pole, kumene kumazizira koopsa.

Madzi oundana akaunjikana nakhala ochindikala, amayamba kutsetsereka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake. Poyenda amazula miyala, kupera ina kukhala ufa, ndi kukanda mizere pathanthwe. Akasungunuka amatula katundu yense pamodzi osasankha: matope, mchenga, timiyala ndi zimiyala. Patapita nthaŵi zonsezi zimalimba kukhala mwala wotchedwa tillite. Kum'mwera kwa Africa miyala imeneyi imatchedwa Dwyka, dzina la mtsinje wina wa ku South Africa.

Mtsinje umasalaza miyala kukhala nsangalabwi, ndipo umaika zazikulu pazokha, mchenga paokha. Tillite sali tero. Miyala yake ndi ya mitundu yosiyanasiyana, yambiri ndi yosongoka, ina ili ndi zokanda, ndipo yamwazikana m'matope olimba ngati nsinjiro zosasinja bwino.

Alangizi asasokonezeke ndi miyala yosanjikizana ya m'timapiri ta m'dera la migodi. Matanthwe a ku Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane ali ndi zaka zoposa 2,500 miliyoni, ndipo miyala yosanjikizanayo inatsala pamene mvula ndi chinyezi zinadya thanthwe m'ming'alu yake. Zotsalira za madzi oundana zinasungika kunsi, cha ku Gokwe ndi m'chigwa cha Zambezi. Kumeneko zili pansi penipeni pa miyala ya Karoo. Pamwamba pake pali malasha, monga a ku Sengwa, ochokera ku zomera za m'madambo zimene zinakula kutayamba kufunda. Pamwamba pa malasha pali miyala yamatope. Kusanjikizana kotereku kumapezekanso ku Moatize m'chigawo cha Tete ndi m'chigwa cha Luangwa.

Kudziŵa zimenezi kumathandiza pa nkhani ya madzi ndi nthaka. Tillite ndi wothinana, choncho sasunga madzi ambiri kupatula m'ming'alu. Madzi a m'miyala yamatope ndi yamalasha nthaŵi zambiri amakhala amchere, ndipo m'madera ena a Gokwe ali ndi fluoride wochuluka amene amathimbiritsa mano a ana. Nthaka yochokera ku miyala yamatopeyi, imene kaŵirikaŵiri pamamera mitengo ya tsanya, imakokoloka msanga ikangovulidwa udzu.

Tsono mudzi ukafuna mjigo m'madera otere, mlangizi ayambe wafunsa akatswiri a miyala, ndipo madzi ayesedwe anthu asanayambe kumwa. Pamene pali tsanya, alimi alimbikitsidwe kusiya udzu ndi kuchepetsa ziŵeto zodya pamalo amodzi, zigwembe zisanayambe.