Alonda a m'Komboni ndi Apolisi

Inu a ku migodi mwadandaula kuti mbala zacuruka, ndipo apolisi acedwa kufika usiku. Cifukwa cace makansala alangiza kuti anansi apangane kulonda komboni yao pamodzi ndi apolisi. Ncabwino, koma nchitoyi iri ndi malire. Mlonda angathe kugwira mbala imene waipeza irikuba, koma kuweruza si kwace. Aipereke ku polisi msanga, yosamenyedwa. Kumbukirani caka ca 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba inacokera ku Chingola nifalikira dziko lonse. Makamu aukali anapha anthu ambiri pongowaganizira cabe, osawafunsa mlandu. Mukagwira munthu, itanani apolisi pa nambala 991, ndipo akulu amcinjirize kufikira atabwera.