Popopera mankhwala, phunzirani kwa makina

Madzi a Shire akaphwa, alimi a ku Marka m'boma la Nsanje amathamangira kumadimba kukadzala chimanga. Kumeneko amakumana ndi mbozi zija zidavuta dziko lino mu 2017. Ena amapopera mankhwala koma mbozi osafa, ndalama n'kulowa m'madzi. Vuto nthawi zina si mankhwala ayi, koma kapoperedwe.

M'mafakitale opanga bisiketi muli makina owaza mafuta pa bisiketi zikamadutsa pa lamba. Lamba akathamanga, kompyuta imawonjezera mafuta, akachedwa, imachepetsa. Motero bisiketi iliyonse imalandira mlingo wofanana.

Kumunda, kompyutayo ndi inu. Mukathamanga, mankhwala amaperewera ndipo mbozi zimapulumuka. Mukachedwa, mumawononga mankhwala, mwinanso kuwotcha mbewu.

Yambani mwayesa sipuleya yanu ndi madzi okha. Pimani malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi. Poperani mukuyenda monga mwa nthawi zonse, mukupopa mofanana. Kenako yezani madzi omwe atha ndipo chulukitsani ndi 100. Ngati atha malita 2, hekitala ifuna malita 200, kutanthauza kudzaza sipuleya ya malita 16 maulendo 12 ndi theka. Mankhwala a hekitala imodzi olembedwa pabotolo agaweni mofanana m'maulendo amenewo.

Poti kuchigwa kumatentha, poperani m'mamawa kapena madzulo kopanda mphepo, mukulunjika kunsonga ya chimanga komwe mbozi zimabisala. Kotulukira mankhwala kukatsekeka, osapemerera ndi pakamwa. Tsukani ndi madzi.