KAWETEDWE KA SHIRIMPI M'GALASI LA MADZI

Ife ana a ku Limphasa ndi ku Chintheche timadziwa maina a nsomba zambiri, monga usipa, utaka, cambo, kampango ndi mpasa. Koma m'madzi omwewo muli tinyama tina timene sitimatiwerengera konse, pakuti ndi tating'ono ndipo matupi ace amaonekera ngati galasi. Tinyama timeneti ndi shirimpi, abale ace a nkhanu. Ine ndimaweta zingapo m'galasi la madzi lobzalamo zomera, ndipo ndifuna kufotokozera anzanga kasamalidwe kace. Mau akuru a nkhani yanga ndi awa: shirimpi siifa ndi njala kawirikawiri, cimene cimaipha ndico madzi osinthika modzidzimutsa, kapena madzi olowa mankhwala.

Akatswiri amacha mtundu umenewu Caridina. Yaikuru imatalika masentimita 2 kapena 3 basi. Iri ndi miyendo 10, ndipo pa miyendo 4 ya kutsogolo pali timanja tokhala ndi ubweya ngati tsache. Ndi timanja timeneti imasesa ndere ndi zinyenyeswa za masamba oola pamiyala, niika m'kamwa, usana ndi usiku. Iyonso imadyedwa ndi nsomba. Mngerezi wina, Geoffrey Fryer, anakhala pa Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 nafufuza zamoyo za m'mbali mwa nyanja, ndipo mu 1959 anasindikiza zimene anapeza za kadyedwe kace, ndiko kuti cakuti cimadya cakuti. Shirimpi iri pafupi ndi pansi pa mndandanda wotere, ndipo zazikuru zimaidalira.

Coyamba ndi nyumba yace. Pezani galasi kapena cigubu coonekera ca malita 20, cimene sicinasungepo mafuta kapena mankhwala a m'munda. Madzi ambiri sasinthika msanga monga madzi a m'botolo laling'ono. Pansi thirani mcenga wotsuka bwino, muikeponso miyala ingapo. Tsono bzalani zomera. M'nyanja mwathu, pa mcenga wa m'madzi osaya, mumamera udzu wa masamba atali ndi opyapyala wochedwa Vallisneria. Palinso Ceratophyllum, comera copanda mizu ca timasamba tonga singano. Zomera zimenezi zimagwira nchito zitatu: masana zimaturutsa mpweya wabwino, zimayamwa zonyansa za m'madzi, ndiponso zimapatsa shirimpi pobisala. Namasupuni musamtenge ai, cifukwa amafalikira koopsa natseka mitsinje. Galasi likhale pafupi ndi zenera, koma dzuwa lisaliombe. Madzi a madigiri 24 kufikira 28 ndi abwino; akatentha kwambiri, monga amacitira mu October ndi November, mpweya umacepamo.

Pokatenga zomera ndi shirimpi cenjerani. Musapite nokha kumene mtsinje uli ndi bango lambiri, pakuti ng'ona siibvomereza kuti ndinu mwana wa sukulu. Musaviike miyendo nthawi yaitali m'madzi odikha, cifukwa nkhono zina za m'menemo ndizo zimasunga tizirombo ta likodzo. Yang'anani tsamba liri lonse, mucotse nkhono ndi mazira ace, ndipo madzi otunga ayambe akhala masiku 2 musanawagwire kwambiri, popeza tizirombo ta likodzo tosambira m'madzi sitikhala moyo masiku ambiri tikapanda kupeza munthu. Cotsaninso ana a tombolombo, amene amabisala m'zomera nagwira shirimpi imodzi imodzi. Nsomba musaikemo ngakhale yaing'ono.

Mukatha kukonza nyumbayo musafulumire kuikamo shirimpi. Dikirani milungu 4 kufikira 6. Cifukwa cace ndi ici: zonyansa za nyama ndi cakudya coola zimasanduka amoniya, amene ali ululu woopsa. Pali mabakiteriya, tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi ululu, ndipo tina timasandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene zomera zimadya. Tizirombo tothandizati timakhala pa mcenga ndi pa miyala, ndipo timacedwa kucurukana. Munthu akaika shirimpi tsiku loyamba, amaziika m'nyumba yopanda wosesa. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mauwa ayenera woweta shirimpi koposa.

Tsiku lakuziika likafika, yambani ndi shirimpi 10. Musazikhuthulire m'galasi nthawi imodzi. Zisiyeni m'kapu mwace ndi madzi a kumene munazigwira, ndipo muzithiramo madzi a m'galasi pang'ono pang'ono kwa ora lathunthu kapena awiri. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo sasinthika kwambiri caka conse. Madzi a m'dambo ndi ena: nthawi ya dzinja amadzala matope ndi madzi a mvula, pamene m'cirimwe amacepa natentha. Nyama imene inazolowera madzi ena imadwala ikaponyedwa mwadzidzidzi m'madzi ena. Cotero ine ndimatunga madzi pa malo amodzi nthawi zonse, ndipo mlungu uli wonse ndimacotsa malita 2 okha pa malita 20 aja, ndi kubwezeramo atsopano pang'ono pang'ono. Madzi a pampopi othira klorini ayambe akhala m'ndowa yosabvundikira masiku 2.

Za cakudya nzosabvuta. M'galasi lokhwima bwino muli kale ndere wokwanira. Kawiri pa mlungu mungaponyemo kacidutswa ka tsamba la nkhwani kapena bonongwe kofutsa popanda mcere, kotenga m'dimba losapopera mankhwala. Cotsala cicotsedwe m'mawa mwace. Kupatsa cakudya cambiri ndi kukoma mtima kopha nako, cifukwa cikaola cimaononga madzi.

Shirimpi ikamakula imafundula, pakuti cigoba cace sicikula. Mudzaona kacikopa koyera kali gone pamcenga, ndipo mudzayesa kuti yafa. Iai, yangobvula. Kacikopako kasiyeni, popeza shirimpi zimakadya kuti zipezenso laimu wolimbitsa cigoba catsopano. Yofundula kumene imakhala yofewa, nibisala m'zomera tsiku limodzi kapena awiri. Yaikazi imanyamula mazira ace kunsi kwa mimba milungu 3 kapena 4, nimawakupiza ndi timiyendo tosambirira kuti apeze mpweya. Mitundu ina, monga Caridina multidentata imene Takashi Amano wa ku Japan anaichukitsa pakati pa oweta m'zaka za m'ma 1980, ana ace amafuna madzi a mcere kuti akule. Za m'nyanja mwathu zimaswana m'madzi opanda mcere.

Tsopano ndichule mdani wamkuru. Shirimpi ndi mbale wa patali wa tizirombo touluka, ndipo mankhwala ophera udzudzu kapena mbozi amaiphanso, ngakhale atakhala ocepa kwambiri. Galasi liyenera kubvundikiridwa kuti udzudzu usaikiremo mazira, koma mubvundikire ndi nsaru wamba yopyapyala, osati cidutswa ca masikito onyika m'mankhwala. M'cipinda ca galasi musapopere kapena kufukiza mankhwala a udzudzu. Musanapise dzanja m'madzi, tsukuluzani sopo ndi mafuta odzola. Mkuwa nawonso ndi woopsa. Cozizwitsa ncakuti mwazi wa shirimpi umanyamula mpweya ndi mkuwa, monga wathu umacitira ndi citsulo, komabe mkuwa ukacuruka m'madzi imafa. Cifukwa cace musaikemo waya kapena ndalama zacitsulo.

Cimene cimacitika m'malita 20 cimacitikanso m'dambo la Limphasa, kumene makolo athu amalima mpunga. Munthu akatsukira mumtsinje cigubu copopera mankhwala, kapena akacapiramo masikito, kapena akakokera nsomba ndi masikitowo, shirimpi ndizo ziyamba kufa, ndipo palibe amaona, popeza nzazing'ono. Pambuyo pace ana a nsomba amasowa cakudya, ndipo madzi omwewo amatsikira ku nyanja. Kuti tidziwe kufunika kwa kanyamaka tiyang'ane ku nyanja ya Victoria. Kumeneko Caridina nilotica inacuruka kwambiri m'zaka za m'ma 1980, nikhala cakudya cacikuru ca ana a nsomba yaikuru ya Nile perch, ndipo asodzi amaiyanika kuti ikhale cakudya ca nkhuku.

Ndikupempha anzanga a m'kalabu ya sayansi kuti tikonze galasi limodzi lotere pa sukulu pano, ndi kulemba m'kabuku tsiku losintha madzi, tsiku lofundula ndi tsiku loswa. Ndipo popita kwathu pa chuthi, tikauze abale athu mwaulemu kuti madzi otsukira cigubu ca mankhwala atayidwe m'dzenje kutali ndi mtsinje.