Mapazi Akatupa Kapena Kuchita Dzanzi Mukamagwira Ntchito

Mwatsika basi pa Egodini ku Bulawayo, mwasenza chikwama, ndipo musanayende patali mapazi ayamba kuchita dzanzi, akakolo atupa, nsapato zikuthina. Anthu ambiri ogwira ntchito m'migodi ya ku Gwanda, Filabusi ndi Hwange amati n'kutopa chabe. Nthawi zina n'zoona. Koma kuti mudziwe, vulani nsapatozo muone zimene zichitike.

Munthu akaima, kuyenda kapena kuthamanga kwa nthawi yaitali, makamaka kukatentha, madzi a m'thupi amatsikira kumapazi. Jombo ikakhala yothina imapana mitsempha ndipo zala zimachita dzanzi. Ngati dzanzi latha patangopita mphindi zochepa mutavula, ndipo kutupa kwaphwa pofika m'mawa, mwina vuto ndi jomboyo. Pemphani yokukwanani, ndipo muziiyesa madzulo pamene mapazi ali aakulu. Pogona sanjikani miyendo pa chinthu chokwererapo.

Nanga dzanzi likapanda kutha?

Dzanzi la mapazi onse awiri, lomwe limabwera ndi kutentha kapena kubayabaya usiku, limasonyeza kuti mitsempha ikuwonongeka. Zimene zimachititsa kawirikawiri ndi matenda a shuga, kachilombo ka HIV ndi mowa wambiri. Amene amawotcha golide ndi mercury nawonso ali pangozi. Ngati mukumwa mankhwala a TB, dziwani kuti amodzi mwa iwo, isoniazid, amatha kubweretsa dzanzi. Musasiye kumwa! Auzeni anamwino akupatseni pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6. Kusiya mankhwala panjira kumapangitsa TB kukhala yosamva mankhwala.

Phazi la dzanzi silimva kuwawa. Kamwala kakhoza kukhala m'jombo shifiti yonse, n'kusiya bala limene mudzalione litanyeka kale. Choncho yang'anani mapazi anu tsiku lililonse, pansi pomwe ndi pakati pa zala. Amayi a kunyumba, athandizeni abambo poyang'ana.

Dinani msongolo ndi chala kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje m'miyendo yonse iwiri, komanso mukumachita befu pokwera mtunda kapena pogona chagada, mwina ndi mtima, impso, kapena mapapo owonongeka ndi fumbi la mumgodi. Pochita kuyezetsa, nenani zaka zimene mwagwira ntchito pansi.

Musadikire kuche

Mwendo umodzi wokha ukatupa, kutentha ndi kuwawa pa katumba, makamaka mutakhala maola ambiri m'basi yochokera ku Johannesburg kapena ku Blantyre, mwina magazi aundana mumtsempha. Musauthowe kapena kuutema mphini. Pitani tsiku lomwelo ku Mpilo Central Hospital kapena ku United Bulawayo Hospitals. Mukayamba kumva kuwawa pachifuwa kapena kubanika, wina akutengeni nthawi yomweyo. Tengani khadi lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa.