Kutentha Thupi kwa Wodwala Khansa ya Magazi Sikudikira Kuca

Alipo mabanja m'midzi mwathu amene anaperekeza mbale wao ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, nabwerera naye kwao kuti akapumule asanapitenso kukalandira mankhwala ena. Masiku a kupumulawa ndiwo oopsa koposa, cinkana wodwalayo aoneka ngati wayamba kupeza bwino.

Cifukwa cace ndi ici. M'magazi a munthu muli maselo oyera, ndiwo asilikali a thupi, ndipo apangidwa m'mafuta a m'mafupa. Khansa ya magazi isokoneza asilikali amenewa, ndiponso mankhwala amphamvu opha khansa amapha abwino pamodzi ndi oipa. Kawirikawiri acepa koposa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 cilandirire mankhwalawo. Pa nthawi yotere kacilonda ka m'kamwa, kapena madzi a pacitsime osawiritsa, zikwanira kulowetsa tizilombo m'magazi. Tikacuruka, mtima, impso ndi mapapo ziyamba kulephera nchito. Madotolo acha bvutoli sepsis, ndipo likhoza kupha munthu tsiku limodzi lisanathe.

Cizindikiro coyamba, ndipo nthawi zina cokhaco, ndico kutentha thupi kofika 38 pa coyezera. Ife tinazolowera kunena kuti ndi malungo, tiona mawa. Kwa wodwala uyu mau otere ngoipa. Madotolo afuna kuti alandire mankhwala opha tizilombo a m'mtsempha ola limodzi lisanathe cifikire pa cipatala. Comweco akatentha thupi, akanjenjemera, akapuma mofulumira, akasokonezeka mutu kapena mkodzo ukacepa, funani ngolo kapena njinga usiku womwewo. Musayambe mwampatsa Panadol ai, pakuti abisa kutenthako. Tengani makalata ace a ku Lusaka, ndipo pofika nenani msanga kuti ali pa mankhwala a khansa, asaime pa mzere.

Coipa cina ndico makapisozi a pamsika. Munthu agula awiri kapena atatu, namwa, nasiya. Tizilombo tofooka tifa, koma tolimba titsala ndi kuswana, kufikira mankhwalawo sagwiranso nchito. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin m'caka ca 1928, anacenjeza za ici mu 1945, koma dziko linagontha makutu. Akatswiri anawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa cifukwa ca tizilombo tosamva mankhwala. Munthu wamphamvu kapena apulumuka. Wopanda asilikali m'magazi alibe comchinjiriza. Ndipo dziwani kuti tizilombo totere tiyenda pa manja, kucokera kwa amene anamwa makapisozi kupita kwa wodwala wa m'nyumba momwemo.

Motero wompatsa cakudya asambe m'manja ndi sopo, madzi akhale othira, osati a m'mbale imodzi ya onse. Madzi akumwa awiritsidwe, ndiwo zipse bwino, nsima yogona asadye. Asalowe m'khola, ndiponso asatokose cimanga cacuku m'nkhokwe. Za mphini tinenetse: lumo litsegulira tizilombo khomo, ndipo magazi a wodwalayu sacedwa kutayika. Odzazonda amene ali ndi cifuwa kapena otsegula m'mimba apereke moni ali pabwalo.